Uthenga 14: Kalata ndi yomata, koma envelopu ikutigulitsa



Awa ndi mawu amene tinalankhula pa msonkhano wa Loweruka ku Mtiya. Ambiri simunabwere, ena chifukwa cha mvula, ena chifukwa cha mantha, ndipo sitikukudzudzulani. Tawalemba onse. Ndi aatali, tikudziwa, koma malemba sadya bandulo ngati VN. Werengani mpaka kumapeto musanatumize kwina, chifukwa nkhani yake ndi yomweyo ya kutumiza kwina.

Masabata awiri apitawa zatigwera zinthu ziwiri, ndipo zikutikokera mbali zosiyana.

Choyamba ndi ichi. Mchemwali wathu wina, sitimutchula dzina, analemba m'gulu lalikulu lija la WhatsApp za anthu amene akupempha ndalama kuti dzina lako lilowe pa mndandanda wa oitanidwa ku intavyu. Sanatukwane munthu. Sanatchule ngakhale ofesi. Wina m'gulu momwemo anajambula screenshot n'kuitulutsa kunja, nambala yake ili pamwamba, kachithunzi kake kali pambali. Pasanathe masiku atatu foni inayamba kulira usiku. Woimbayo anabisa nambala, koma ankadziwa dzina lake lonse, la pachiphaso lenilenilo, limene ngakhale ifeyo sitimuitanira. Malo ena amene anamulonjeza internship anasiya kuyankha. Panopa wabwerera kumudzi kwa amayi ake, digiri ili m'chikwama.

Chachiwiri munachiona nonse. Unayenda uthenga wokhala ndi dzina la gulu lathu, wonena kuti zionetsero zasunthidwa tsiku ndipo tikayambira mumsika kuthyola mashopu. Si ife tinalemba. Koma amayi athu ogulitsa tomato ndi usipa anauwerenga, ndipo mpaka lero ena akationa akutembenuza nkhope. Pa msonkhano anzathu anakwiya, n'kumati tifufuze, timupeze amene anayambitsa. Tinayesa. Aliyense amangoti ndinalandira kwa wakuti, wakutiyo akuti ndinaupeza m'gulu la mpira, m'gulu la mpira akuti unachokera m'gulu la kutchalitchi. Tinangotopa.

Ndiye taonani pamene tili. Wonena zoona anapezeka m'masiku atatu. Wabodza sanapezeke mpaka lero. Pa msonkhano ena amati tonse tibisale kotheratu, pasapezeke wodziwa mnzake. Ena amati ayi, uthenga uliwonse uzidziwika mwini wake. Onse ali ndi mfundo, ndipo tisanasankhe tiyeni timvetse kaye kuti foni imatiulula bwanji.

Ambirife timadzilimbitsa mtima ndi mawu aja amaoneka pamwamba pa chat, onena kuti mauthenga ndi otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira. Ndi zoona. Kuyambira mu April 2016, WhatsApp imatseka mauthenga moti kampani ya mafoni, ngakhale eni ake a WhatsApp, sangawerenge zimene mwalemba uthengawo uli m'njira. Koma kumbukirani kalata ya ku positi, ija makolo athu ankalandirira pa bokosi la sukulu kapena la mpingo. Kalata ili mkati, yomata bwinobwino. Koma kunja kwa envelopu kuli dzina la wolandira, kuli chidindo chosonyeza positi ofesi imene yachokera ndi tsiku lake, kumbuyo nthawi zina kuli dzina la wolemba. Wofuna kukudziwa safunika kung'amba. M'nthawi ya Kamuzu, munthu akamalandira makalata pafupipafupi ochokera ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam, kumene kunathawira otsutsa boma, chidindo chokhacho chinali chokwanira kumuutsira mavuto, ngakhale mkati mutakhala moni chabe.

Uthenga wa pa foni nawo uli ndi envelopu yake, ndipo ndi yolemba zambiri kuposa ya ku positi. Mukaimba kapena kutumiza SMS, kampani ya mafoni imasunga kuti nambala iyi yaimbira iyi, nthawi yakuti, kwa mphindi zingati, kudzera pa nsanja iti. Nsanjayo ndiyo imasonyeza dera limene munali. Mukakhala pa WhatsApp kampaniyo siiona mawu, koma imadziwa kuti munali pa intaneti nthawi yanji, muli kuti. Eni WhatsApp nawo amadziwa nambala yanu, foni imene mukugwiritsa ntchito, magulu amene mulimo ndi nthawi imene mwalowa. Foniyonso payokha ili ndi nambala yake yobadwa nayo, IMEI. Dinani *#06# muione. Inu amene mumati mukasintha simu khadi ndiye kuti mwasowa, dziwani kuti mwasintha malaya okha, nkhope ndi yomweyo.

Nanga woimba usiku uja dzina analipeza kuti? Anzathu ena anathamangira kunena kuti ameneyo ndi wa boma, ali ndi makina. Mwina, koma sipafunika makina. Lembani nambala ya munthu ngati mukufuna kumutumizira K500 pa foni. Musanaike PIN, dzina lake lituluka lokha. Zimenezi anaziika ndi cholinga chabwino, kuti ndalama isasochere, ndipo tonse zatipulumutsapo. Koma ndi chitseko chomwechonso chimene wakuopseza amalowera. Palinso Truecaller, imene imatola mayina m'mafoni a anthu ena, moti dzina lanu likhoza kukhalamo ngakhale inuyo simunaiikepo pa foni yanu. Ndipo m'gulu wamba la WhatsApp aliyense amaona nambala ya aliyense. Gulu lathu lija linakula ndi link imene inkangoyenda paliponse. Tinatsegula tokha chitseko, tivomereze.

Enafe tili ndi zaka 24. Mu 2017 tinali titangokwana zaka 16, tinaima pa mzere wa NRB, tinajambulitsa nkhope, tinadinda zala, tikusangalala kuti takula. Chaka chotsatira, potsatira lamulo la Communications Act la 2016, tinauzidwa kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe pofika pa 30 September 2018, apo ayi aidula. Tinapita ndi chiphaso chomwe chija. Kuyambira pamenepo nambala ya foni inakhala unyolo: nambala ikoka chiphaso, chiphaso chikoka nkhope, zala, mudzi ndi mfumu yaikulu. Akuluakulu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ife a m'badwo uno tikusiya zonse ziwiri, ndipo zonse zikusungidwa. Mlandu suola, nawo ma record a foni saola.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya chipani chimodzi. Mu February 2016, boma lili m'manja mwa a Peter Mutharika, apolisi anamanga akuluakulu atatu a MCP, a Jessie Kabwila, a Ulemu Msungama ndi a Peter Chakwantha, chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp zimene zinatuluka kunja, ndipo mlandu wake unali woukira boma. A Kabwila ndi omwe aja ankaphunzitsa pa Chanco pompano, amene anatsogolera nkhondo ya ufulu wa maphunziro mu 2011. Tinkaganiza kuti amene analumidwapo sangalume anzawo. Koma MCP ili m'boma, mu 2022, namwino wina wa ku Ntcheu anagona m'chitokosi chifukwa cha zimene analemba za a Lazarus Chakwera pa WhatsApp. Mu 2024 bambo wina wa ku Mponela analamulidwa kulipira K200,000 kapena kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chotumiza m'gulu kavidiyo ka pa TikTok koseka pulezidenti. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna kudziwa amene anamupatsa chikalata. Mu February 2024 analanda mafoni ndi malaputopu a ogwira ntchito ku MBC pofufuza tsamba lina la pa Facebook. Ngakhale mayi Martha Chizuma, ali mkulu wa ACB, anajambulidwa mawu pa foni iwo osadziwa, mawuwo n'kufalikira dziko lonse mu January 2022.

Onetsetsani bwino nkhani zimenezi. Sitikuona paliponse pamene wina anachita kuthyola loko wa WhatsApp. Njira zake ndi zakale zomwe zija: munthu wa mkati amene watulutsa, foni imene yagwera m'manja mwa wina, ndi nambala imene yamangiriridwa ku chiphaso. Ndipo lamulo lokugwirira lilipo. Gawo 87 la Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 limalanga uthenga umene akuti ndi wonyoza, ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi miyezi 12 ya m'ndende. Koma wonyoza ndi uti? Kawirikawiri amayamba kuyeza ndi amene wakwiyayo, makamaka akakhala ndi mpando.

Zomba uno zimenezi si zachilendo. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Boma linati ndi youkira, nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ophunzira a pa Chanco anaguba m'misewu yomweyi, koleji n'kutsekedwa. Mbali imeneyo timaidziwa. Imene sitiikamba kawirikawiri ndi ya miyezi yotsatira, pamene makalata opanda mayina ofuna zipani zambiri anayamba kuyenda pa fax ndi pa fotokope, kuchoka ofesi ina kupita ina. Apolisi ankalowa m'maofesi okhala ndi makina amenewa, ndipo anthu ambiri, makalaliki ndi masekeletale, anamangidwa. Inu amene simunaionepo fax, dziwani kuti imadinda pamwamba pa pepala kamzere kosonyeza nambala yotumiza, tsiku ndi nthawi. Envelopu yomwe ija, m'maonekedwe ena.

Chimene chimatikhudza pa mbiri imeneyi ndi ichi. Maepiskopi anasayina mayina awo, ndipo kalata yawo inalemera chifukwa cha mayinawo. Kalaliki wa fotokope sanasayine, chifukwa kumbuyo kwake kunalibe mpingo wa dziko lonse lapansi, kunali ana ndi lendi. Referendamu ya pa 14 June 1993 inabwera chifukwa cha onse awiri. Ndiye tisamanamizane kuti wobisa dzina ndi wamantha. Komanso tisamanamizane kuti gulu likhoza kuyenda popanda wina woonekera.

Tsopano timvereko anzathu amene akuti uthenga uzidziwika kumene wachokera, chifukwa sakulankhula zopusa. Ndani pano amene sanalandirepo SMS ija yoti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Ndani alibe azakhali kapena agogo amene anaberedwa ndi munthu wodzitcha wa kukampani ya mafoni? Apolisi ndi a MACRA akhala akunena kuti mauthenga ambiri oterewa amachokera m'ndende ya Zomba, pakhomo pathu pompano. Munthu woberedwa akapita ku polisi amafuna nambala ija ifufuzidwe, ndipo ali ndi ufulu wotero. Kumbukiraninso 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha nkhani imene palibe anadziwa mwini wake. Bodza lopanda mwini limapha. Ifenso latilawitsa sabata yathayi.

Ku India zinafika poipa kuposa apa. Mu 2017 ndi 2018 anthu anaphedwa ndi magulu okwiya chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp zonena za oba ana. Kachizindikiro kaja ka Forwarded kanabwera nthawi imeneyo, mu 2018, ndipo mu January 2019 anaika malire oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi. Koma boma la India silinakhutire. Mu 2021 linakhazikitsa malamulo oti kampani izitha kuulula munthu woyamba kulemba uthenga. WhatsApp inapita ku khoti ku Delhi, ikunena kuti sungaike chidindo pa uthenga wa wabodza yekha, chifukwa sudziwiratu kuti wabodza akhala ndani. Kuti umupeze mmodziyo uyenera kudinda mauthenga a anthu onse. Apa ndiye pagona nkhani. Chingwe chimene tikufuna chogwirira amene anatinamizira uja ndi chomwecho chimene chinakoka mchemwali wathu.

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa ifeyo. Kusanabwere Facebook, kuyambira cha m'ma 1980, kunali Usenet, mabwalo a zokambirana amene mauthenga ake ankadumpha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, makamaka m'mayunivesite. Uthenga uliwonse unali ndi mutu, mizere ingapo pamwamba pa mawu. Mzere wina, wotchedwa Path, unkalemba makompyuta onse amene uthengawo wadutsamo. Maseva ambiri ankawonjezeranso mzere wosonyeza adiresi ya kompyuta ya wolembayo, poyera, aliyense n'kumaona. Oyendetsa maseva ankaufuna mzerewu kuti azigwira otumiza zinyalala ndi ozunza anzawo. Olemba ankadandaula kuti ukuwaika pa mbalambanda. Akatswiri okonza malamulo a intaneti a bungwe la IETF anakambirana kwa zaka, ndipo mu 2009 anatulutsa chikalata chotchedwa RFC 5536. Mmenemo muli mzere wotchedwa Injection-Info, ndipo analangiza kuti chizindikiro cha akaunti ya wolemba chizilembedwa m'njira yoti woyendetsa seva imeneyo yekha ndiye angachimasulire. Ena onse azingotha kuona kuti mauthenga awiri achokera kumodzi, osadziwa kuti ndi kwa ndani. Tanthauzo lake ndi loti gwero lizitsimikizika, koma dzina lisamayende ndi uthenga.

Nzeru imeneyi ili ndi pofooka pake, ndipo tikuuzeni. Ku Finland kunali munthu wotchedwa Johan Helsingius amene ankayendetsa seva yobisa mayina, anon.penet.fi. Unkatumiza uthenga kwa iye, iye n'kuchotsa dzina lako, n'kuika nambala. Koma anali ndi kaundula wosonyeza kuti nambala iyi ndi ya wakuti. Mu 1995 apolisi anabwera ndi chikalata, pa dandaulo la mpingo wa Scientology, ndipo anapereka dzina la munthu mmodzi. Mu 1996 anatseka sevayo. Amene wasunga kaundula tsiku lina adzagogoderedwa. Choncho kaundula wabwino ndi amene sanalembedwe n'komwe.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Zimene tagwirizana ndi izi.

Gulu lalikulu lija tikulitseka Lachisanu. Mauthenga a gulu lathu azituluka pa Channel imodzi yokha. Pa Channel otsatira saonerana manambala, ndipo ngakhale admin saona nambala yonse ya munthu amene sanamusunge m'foni. Koma dziwani kuti zolembedwa pa Channel si zotsekedwa ngati za pa chat, ndi za poyera, ndiye tizilembapo zokhazo zimene tikhoza kuima pa depoti n'kuzinena ndi chimkuzamawu. Uthenga uliwonse uzikhala ndi nambala, ngati uno wa 14. Mukalandira kwina uthenga wokhala ndi dzina lathu, pitani pa Channel mukaone ngati ulipo, mawu ndi mawu. Ngati palibe, si wathu, musautumize, ndipo muuzeni amene wakupatsaniyo. Mwa njira imeneyi sitikufunikanso kusaka amene anayambitsa bodza. Tikungofunika kuti choona chikhale ndi pokhala pamodzi podziwika.

Amene walemba uthenga uliwonse azidziwika kwa anthu atatu a komiti, m'mutu, osati m'kope kapena m'foni. Akalemba zolakwika, atatuwo amuitana ndipo tipepesa pa Channel pomwepo ngati gulu. Palinso ena a ife amene aonekere dala. Lamulo la Police Act limafuna kuti okonza zionetsero adziwitse DC, ndi kupereka kope ku polisi, maola osachepera 48 zisanachitike, ndipo kalata imeneyo imafuna mayina. Amene asayine adzipereka okha, akambirana ndi makolo awo, ndipo aonana ndi loya. Tiwalemekeze, koma tisakakamize wina aliyense kuwatsatira. Si tonse tili ndi kothawira akatichotsa pa lendi.

Zokambirana za m'madera zizichitika m'magulu ang'onoang'ono a anthu odziwana nkhope, opanda link, ndipo yatsani kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24. Tisadzinamize, zimenezi siziletsa screenshot. Palibe batani loletsa mnzako kukugulitsa. N'chifukwa chake tikuti chimene simungafune kuchimva chikuwerengedwa m'khoti musachilembe. Kumanani, lankhulani, Zomba ndi yaing'ono, miyendo tili nayo.

Screenshot yokhala ndi nambala kapena dzina la munthu isatuluke. Ngati mawu a mnzanu akusangalatsani, mufunseni kaye, kenako koperani mawu okhawo. Zithunzi za pa zionetsero muzitumize ngati zithunzi, osati ngati document, chifukwa document imanyamula zonse zimene kamera inalemba, nthawi, mtundu wa foni, mwinanso malo enieni amene munaima. Onaninso nkhope za anthu musanatumize. Chikalata cha Word kapena PDF nacho chimasunga dzina la mwini kompyuta, ndipo ambirife timabwereka laputopu ya mnzathu wa pantchito. Musamuphetse ntchito munthu amene anakuchitirani chifundo.

Pali tina ting'onoting'ono timene tikuchita manyazi kutitchula kwa anthu a madigiri, koma titchulabe. Inu amene mumakasindikiza ma CV m'tauni n'kulowa WhatsApp pa kompyuta ya pamenepo, lowani pa Linked devices lero lomwe muone ngati munatulukamo. Ena mwasiya chitseko chotsegula kuyambira chaka chatha. GB WhatsApp ichotseni. Tikudziwa imakoma, imaonetsa zofufutidwa, koma si ya eni WhatsApp ndipo simudziwa amene anaikonza kuti mauthenga anu amapita nawo kuti. Ikani PIN ya two-step verification. Foni ikhale ndi PIN yoloweza pamtima, osadalira chala chokha, chifukwa chala munthu akhoza kuchigwira n'kuchidinditsa. Mukamapereka foni kwa okonza, chotsanimo simu khadi ndi memory card. Zopereka za gulu tizisonkha pamanja pa msonkhano, msungichuma n'kuwerenga pamaso pa onse, chifukwa ndalama ya pa foni imasiya mzere wa mayina.

Ndipo ichi tikuchinena molimba. Musagwiritse ntchito simu khadi yolembetsedwa m'dzina la agogo anu, la wantchito wa pakhomo kapena la malemu. Tamva ena akunyadira kuti imeneyo ndiye nzeru. Si nzeru. Galimoto ya polisi ikadzabwera idzaima pakhomo pa agogo kumudzi, amene sadziwa n'komwe kuti Channel ndi chiyani. Ngati mukuopa kunena ndi nambala yanu, bweretsani mawuwo ku komiti, atuluke m'dzina la gulu. Gulu lilipo chifukwa cha zimenezo.

Tinenenso poyera kuti chinsinsi chimenechi si chophimbira zoipa. Woopseza munthu, wolimbikitsa kuthyola shopu ya mayi wa geni, wofalitsa zithunzi za atsikana, ameneyo si mnzathu ndipo tidzamutulutsa tokha. Komanso sitikukulonjezani kuti mukachita zonsezi ndiye kuti mwasowa. Foni ikakhala yoyaka m'thumba, nsanja ikudziwa dera limene muli. Ena adzasankha kuisiya kunyumba pa tsikulo. Ena adzaitenga chifukwa ndiyo kamera yathu, ndiyo mboni wapolisi akakweza chibonga. Aliyense aganize yekha.

Kwa boma ndi kwa MACRA, pempho lathu si loti Malawi akhale dziko limene wakuba sangafufuzidwe. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga a pa lamya. Gawo 35 limatipatsa ufulu wolankhula, gawo 38 wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Tikufuna kuti envelopu ya munthu isatsegulidwe chifukwa bwana wina wakwiya, koma pokhapokha woweruza waona umboni n'kusayina chikalata, cha munthu mmodzi, pa mlandu umodzi. Makina a CIRMS aja, amene anthu anawatcha makina a ukazitape, anazungulira m'makhoti zaka zingapo asanaloledwe, ndipo nkhawa ya anthu inali pa ma record omwewa a ndani waimbira ndani. Kumayambiriro kwa 2025 tinamvanso kuti MACRA ikufuna kupereka kontirakiti ya pafupifupi madola 1.5 miliyoni ku kampani ya ku Ghana, Hashcom, ya makina otsata nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Nthawi imeneyo anthu akugona pa mizere ya mafuta. Chotidabwitsa n'chakuti lamulo la Data Protection Act la 2024 linapereka udindo woteteza zinsinsi zathu ku MACRA yomweyo. Mlonda wa nkhokwe ndi wogula makiyi a nyumba zathu akhale munthu mmodzi?

Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo tiligwiritsa ntchito. Tikulemba kalata yofunsa MACRA ndi polisi kuti pa chaka amapempha kangati ma record a mafoni a anthu, ndi angati mwa mapempho amenewo amakhala ndi chikalata cha khoti, ndipo ma record amenewo amasungidwa nthawi yaitali bwanji. Imeneyo tisayina ndi mayina athu enieni. Amene munaphunzira malamulo pa Chanco ndipo mukungokhala ngati ife, bwerani mutithandize kuilemba bwino.

Kwa amene anajambula screenshot ija, tikudziwa kuti uthenga uno mukuuwerenga. Mwina simunafune zoipa, mwina munangofuna kuonetsa anzanu kuti taonani mtsikana wolimba mtima. Sitikusakani. Koma mchemwali wathu ali kumudzi, ndipo ndalama ya thiransipoti yobwererera alibe. Tikusonkha Loweruka.

Link ya Channel muilandira pakamwa kapena pa foni ya woimira dera lanu, maso ndi maso. Uthenga 15 utuluka Lachitatu madzulo, ndipo ndi umene udzanene tsiku lenileni la zionetsero ndi njira imene tidzadutse. Lolemba m'mawa anayi a ife tikupita mumsika kukalankhula ndi komiti ya amalonda za bodza lija. Amene amayi anu amagulitsa mumsikamo, tiperekezeni.